Kalumo ka Mlendo: Edoardo Villa ndi Ophunzira Ake

Ndinakulira m'komboni ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Kumeneko dzina la Chitaliyana lomwe aliyense ankalidziwa linali la Conforzi, mwini minda, choncho m'maganizo mwanga Mtaliyana anali munthu wa tiyi ndi fodya basi. Nditakula ndi pamene ndinamva za Mtaliyana wina, Edoardo Villa, amene anatchuka ku Joni ndi ziboliboli. Nkhani yake imandikumbutsa malume anga, ndipo chifukwa chake ndichitchula kumapetoku.

Villa anabadwira ku Bergamo mu 1915 ndipo anaphunzira zosemasema pa sukulu ya Andrea Fantoni mumzinda womwewo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwidwa kumpoto kwa Africa, n'kukatsekeredwa ku Zonderwater, pafupi ndi Pretoria, pamodzi ndi akaidi anzake zikwizikwi. Atamasulidwa mu 1947 sanabwerere kwawo. Anakhazikika ku Johannesburg mpaka imfa yake mu 2011. Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti anayamba kudula ndi kuwotcherera zitsulo, ntchito imene ambiri ankaiona ngati ya m'galaja.

Ena mwa maluso ake ndinakawaona ku University of Pretoria, kumene anatsegula malo osungirako ntchito zake mu 1995. Ndisaname, munthuyu anali ndi dzanja. Chitsulo n'chouma mutu, koma iye ankachiimika ngati munthu amene wangotsala pang'ono kuponya phazi. Mu chiboliboli cha Confrontation cha mu 1978, patangopita zaka ziwiri ana asukulu ataphedwa ku Soweto, mapaipi aima m'magulu ngati anthu oyang'anizana mwaukali. Palibe nkhope ngakhale imodzi, koma mantha akuoneka.

Komabe chiboliboli chake chotchuka cha mu 1959, chimene anachitcha Africa, chimandivuta. Ndinachiona pa zithunzi: chachitali kuposa nyumba, chansongansonga ngati mtengo waminga. N'chokongola ndithu, koma kodi ndi Africa wa yani? Ine ndikamva dzinali ndimaona amayi anga atabereka dengu kumsana, zala zitathetheka ndi kuthyola tiyi m'mame. M'chitsulo chija muli minga ndi maonekedwe obwereka ku zosema zamakolo, koma wosenza katundu mulibemo. Mlendo amafulumira kuona mitengo ndi mapiri. Thukuta la eni dziko amaliona mochedwa.

N'chifukwa chake ndimati ntchito yaikulu ya Villa inali kuphunzitsa. M'nthawi ya tsankho, pamene sukulu zambiri za luso zinali zotsekeka kwa munthu wakuda, iye analandira Sydney Kumalo kuntchito kwake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kumalo anali wophunzira wa Cecil Skotnes pa Polly Street Art Centre. Kwa Villa anakaphunzira kuumba ndi kukonza ziboliboli zoti zithiridwe mkuwa. Mu 1963 onse awiri anali m'gulu la Amadlozi, limene linakaonetsa ntchito zake ku Italy, wophunzira ataima pambali pa mphunzitsi ngati mnzake. Kumalo sanasanduke Villa wachiwiri. Anaumba anthu ndi nyama monga ankazionera iye, anaphunzitsanso ena, ndipo dzina lake lilipobe ngakhale anamwalira mu 1988. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Villa sanakabise m'thumba kalumoko.

Tsopano za malume anga. Mkati mwa sabata ankathyola tiyi, Lamulungu n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala ndi sompho, kusema mipini, zipande ndi tiziboliboli ta azimayi osinja. Ankatigulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Limbe. Ogula ankanenerera mtengo, koma palibe anafunsapo dzina lawo, ndipo iwonso sanalilembepo. Tsiku lina ndinawapempha kuti, "Malume, ndigwireko sompho." Iwo anati, "Iwe mphwanga, gwira pensulo. Izi n'za ife osaphunzira." Atamwalira, sompho ija inachita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe, ndipo lero ndilibe ngakhale chosema chawo chimodzi.

Sindikuwaimba mlandu. Anakhala m'dziko limene linawauza kuti luso la manja ndi la wolephera sukulu. Sitinganenenso kuti kuno n'zosatheka, pakuti ku Mua Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema ambiri anakulira pamenepo. Chomwe chimandiwawa n'chakuti kawirikawiri timadikira mlendo kuti ndiye atiuze kuti dzanja la m'bale wathu ndi la mtengo wapatali.

Ife okonda zolembalemba tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya osema okha. Alembi angati amene ali ndi wachinyamata amene amamuwerengera zolemba zake n'kumuwongolera? Poweruza mmisiri timawerenga zimene anapanga, koma tiziwerenganso anthu amene anawasiyira zida. Pa muyeso umenewu Villa anakhoza, ngakhale Africa wake wachitsulo sandifika pamtima. Malume anga analephera, ndipo ife amene tinkawaonerera osawafunsa kachiwiri tinalephera nawo limodzi.