Nkhope ya Mayi pa Ndalama Zathu

Pamene Afarisi anayesa Ambuye wathu pa nkhani ya msonkho, Iye anaitanitsa ndalama nafunsa za chithunzi chimene chinali pamenepo, ndipo onse anayankha msanga, pakuti Kaisara anamdziwa. Sabata yatha ndinayesa funso lomwelo kwa ana a m'kalasi mwanga kuno ku Kawale. Ndinawaonetsa ndalama ya K200. Dzina analiwerenga bwino lomwe, Rose Lomathinda Chibambo. Koma nditafunsa chimene mayiyu anachita, onse anaweramitsa mitu.

Ku America anachita mwa njira ina. Akazi a dziko limenelo analandira ufulu wosankha atsogoleri m'chaka cha 1920. Zitayandikira zaka 100, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo, limene Pulezidenti Donald Trump analisaina mu Novembala 2019, lakuti pasulidwe ndalama za siliva zosapitirira 400,000 zokumbukira ufuluwo. Mbali imodzi kuli nkhope za akazi atatu, mbali inayo kuli bokosi loponyamo voti. Munthu akaigwira, nkhani yake aidziwa pomwepo. Koma ndalama imeneyi siipita kumsika. Agula ndi anthu achuma, naitsekera m'kabokosi ngati mphete ya ukwati, ndipo mkazi wosauka, amene ufuluwo unadzera iye, angathe kufa osaiona.

Pamenepa ife tiwaposa. Ndalama ya K200, imene Banki Yaikulu ya Malawi inatulutsa mu 2012, igona m'mfundo ya chitenje. Iyenda m'manja a amayi ogulitsa tomato ku Biwi, a makala ku Chinsapo, a usipa ku Mgona, ndipo tsiku la Mulungu igwa m'mbale ya chopereka. Kuseri kwake kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe konkuno. Amene anaganiza kuika mayiyu kutsogolo ndi nyumba imeneyo kumbuyo anaganiza bwino, ndipo ndiwayamika.

Chimene ndiwatsutsa nacho n'chakuti pepalalo likhala chete. Mayi Chibambo anabadwira ku Kafukule, m'boma la Mzimba, mu 1928. Anasonkhanitsa akazi a Nyasaland kukana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, m'masiku amene anthu ankayesa kuti za dziko n'za amuna okha kubwalo. Mu 1959 Boma la Atsamunda linawamanga ali m'chikuta, nalowa nalo khandalo m'ndende ya ku Zomba. Mwanayo anamutcha Gadi, dzina lochokera kwa alonda a ndende. Mu 1964 analowa m'Nyumba ya Malamulo monga phungu wa ku Mzimba, koma chaka chomwecho, nduna zitasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda, anachotsedwa pa udindo wawo, ndipo pambuyo pake anathawira ku Zambia. Anabwerako mu 1994, namwalira mu 2016. Pa zonsezi pepala lathu silinena kanthu, ngakhale chaka chimodzi.

Ena adzati John Chilembwe ndi Inkosi Gomani II nawonso angolembedwa maina okha. N'zoona, koma Chilembwe ali nalo tsiku lake, 15 Januwale, pamene sukulu zitsekedwa ndipo wailesi isimba mbiri yake, ndi Gomani ali nao Angoni a ku Ntcheu omutchula. Mayi Chibambo ali ndi pepalali, ndipo nalonso mphamvu yake ikutha. Lero silikwana ngakhale buledi mmodzi. Tsiku lina Banki idzaliona losapindula kusindikiza, monga tinasiyira matambala, ndipo mkazi yekhayo wa pa ndalama zathu za pepala adzachoka palibe womufunsira.

Apa ndipo nzeru ya Amerika igwira ntchito: iwo anamanga chikumbutso chawo ndi lamulo. Aphungu athu, makamaka amayi okhala m'nyumba ija yojambulidwa kuseri kwa K200, angathe kupempha lamulo lakuti nkhope ya Mayi Chibambo isachoke pa ndalama za Malawi, ndi kuti pansi pa dzina lawo palembedwe mzere umodzi wa Chichewa, pamodzi ndi zaka 1959 ndi 1964. Malo alipo papepalapo. Ndinawayesa ndi rula ya m'kalasi.