Phiri la Konkire la ku Neviges

Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha mu 1945, mzinda wa Köln ku Germany unali utasanduka bwinja. Ndipo pakati pa milu ya miyala ya tchalitchi cha Kolumba Woyera, chimene mabomba anachigumula, panatsala chiboliboli chimodzi cha Maria chili chilili, kotero kuti okhulupirira ambiri anachiyesa chizindikiro chochokera kumwamba. Amene anapatsidwa ntchito yochimangira kachisi wamng'ono anali Gottfried Böhm, wobadwa mu 1920, mwana wa Dominikus Böhm, mmisiri womveka wa matchalitchi a Katolika. Make mbuu, mwana mbuu. Mnyamatayo sanasese mabwinja kuti ayambe pambalambanda, koma anatenga zipupa zotsala nazilumikiza ku ntchito yake yatsopano, ndipo kachisiyo anadalitsidwa mu 1950.

Chofunika kudziwa pa munthu ameneyu n'chakuti ali ku München, pophunzira kulemba mapulani a nyumba, anaphunziranso kusema ziboliboli, ndipo dzanja la wosema silinamchoke kufikira imfa yake mu 2021, ali ndi zaka 101. Ukulu wake unachokera pamenepo, ndipo ine ndinena kuti chilema chake chinachokeranso pomwepo.

Umboni wake uli ku Neviges, mudzi wa m'chigwa kumene amwendamnjira akhala akupita kuyambira mu 1681 kukalemekeza kachithunzi ka Maria kosindikizidwa papepala, kochepa ngati chikhatho. Anthu atachuluka, akuluakulu a Mpingo anaitanitsa amisiri kuti apikisane pa mapulani a tchalitchi chatsopano, ndipo mbiri imene imakambidwa kumeneko imati Kadinala Josef Frings, amene maso ake anali atatsala pang'ono kuchita khungu, anapapasa ndi zala zake zifanizo za nyumba zimene amisiriwo anapanga, nakondwera ndi cha Böhm chifukwa cha nsonga zake. Kaya zinayendadi motero, nkhaniyo iyenera nyumbayo, pakuti tchalitchi chimene chinatsegulidwa mu 1968 n'chopangidwa monga chinthu choumbidwa m'manja: denga ndi zipupa n'zamtundu umodzi, konkire yokhayokha, yopindidwa apa ndi apo, yokwera nsonga zosalingana, mwakuti woyang'ana kuchokera patali sadziwa ngati aona thanthwe kapena mahema a Aisraeli m'chipululu.

Kunja kwake sikukopa maso, ndipo alipo ambiri amene amachinyoza. Pano mwambi wa chikomekome cha mkuyu watembenuzika, pakuti chokoma chili m'kati. Njira ya amwendamnjira ikwera pang'onopang'ono m'mbali mwa nyumba zogona alendo, ndipo miyala yoyalidwa pabwalo siilekeza pakhomo, koma ilowa mpaka kuguwa la nsembe. Nyale za m'katimo n'zonga za mumsewu. Mipando si mabenchi okhomerera pansi, koma yonyamulika. Ndipo makonde osanjikana azungulira malo a m'katiwo monga mazenera a nyumba zoyang'ana pamsika. Umo ndi mmene Böhm anamvera chiphunzitso cha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965, chakuti Mpingo ndi anthu a Mulungu ali paulendo. Wolowa amayamba waona mdima wokha; koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akaima kanthawi, kuwala kofiira kwa duwa la rozi, limene mmisiri yemweyo analijambula pagalasi, kumayamba kuyenda pakonkire yotuwayo. Nyumba yolandira anthu 6,000, imene m'arkidayosizi ya Köln iposedwa ndi kathedralo yokha, siimeza munthu mmodzi wogwada pakona.

Tsono chilema chija n'chakuti wosema amaganiza za maonekedwe, pamene mvula iganiza za mng'alu. Konkire imafutukuka ndi kutentha, ninyala ndi kuzizira, ndipo denga lalikulu lotere, lopanda malata kapena mapale, linang'ambika m'mapindiko ake nilidontha. Analimata ndi utomoni, umene unalisandutsa loyera ndi kuipitsa nkhope yake osaletsa madziwo kwa nthawi yaitali. Ndipo panapita zaka zambiri ndi ndalama zosaneneka kufikira akatswiri anapeza njira yoyala pamwamba pake konkire yopyapyala yolimbitsidwa ndi ulusi wa kaboni, ntchito imene Peter, mwana wa Böhm, anaithandiza kuti maonekedwe a atate ake asatayike. Wolemekeza Böhm asabise zimenezi, pakuti ntchito yoyamba ya denga ndi kutchinga mvula.

Mu 1986 iye anakhala Mjeremani woyamba kulandira mphoto ya Pritzker ya amisiri olemba mapulani a nyumba. Nyumba zake za m'zaka zotsatira, zimene anazimanga kwambiri ndi chitsulo ndi galasi, n'zaulemu ndi zosamalika, koma kwa ine zilibe mphamvu ya Neviges kapena ya nyumba ya khonsolo ya ku Bensberg, imene anaimeretsa m'zipupa za linga lakale. Pakuti chitsulo chimabwera kuchokera kufakitale chili choongoka kale, ndipo sichilola chala cha woumba.