Za Macheka ndi Buku

Tsiku lina ndinali kudikira sitima ya Ilala padoko la Nkhata Bay, ndipo ndinamva mayi wina wa mumpingo alikudandaula za mwana wake. Anati, "Mayeso sanakhoze bwino, tsono tingomutumiza ku zaumisiri." Mawu akuti "tingomutumiza" ndiwo andilembetsa nkhani ino, pakuti ambiri a ife tiyankhula chomwecho, monga ngati macheka ndi nyundo ndizo chilango cha mwana wolephera.

Abale, makolo athu a kuno sanayambe motero. Dotolo Robert Laws, amene anakhazika mishoni ku Bandawe m'chaka cha 1881, anakwera ku Khondowe mu 1894 kukayamba sukulu ya Overtoun, ndipo kumeneko sanalekanitse buku ndi chida. Paphiri limodzimodzilo panali ophunzira uphunzitsi ndi Mawu a Mulungu, panalinso ophunzira kupala matabwa, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kutchaya lamya. Mtima wake unali wakuti sukuluyo ikule kufikira itakhala koleji yaikulu. Ana a Atonga anapitako ambiri. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anatuluka m'sukulu yomweyo. Sindinena kuti zonse zinali zokoma, iyayi. Elliot Kamwana anaisiya sukuluyo pokana ndalama ya fizi, ndipo amisiri ambiri anatenga luso lawo napita nalo ku Halale ndi ku Joni, popeza kuno kunalibe wowalipira moyenera.

Koma chimene ndichitsutsa ndicho chiphunzitso chimene chinafika ndi alendo a Phelps-Stokes mu 1924. Iwo anayamikira maphunziro a kumudzi, a khasu ndi a manja, naona kuti munthu wakuda safunika kukwera kwambiri m'mabuku. Mawu awo anamveka okoma, pakuti ndani angakane ulimi? Koma ntchito ya manja, imene Laws anaiyesa makwerero, iwo anaiyesa denga. Laws anachoka mu 1927 koleji yake isanamangidwe, ndipo Sinodi ya Livingstonia inadzatsegula yunivesite paphiripo mu 2003, patapita zaka 76. Kodi nzodabwitsa kuti makolo anayamba kuyesa kuti wopatsidwa chikombole cha njerwa watsekeredwa khomo?

Masiku ano boma lachitapo kanthu. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuyang'anira maphunziro aumisiri, ndipo mu 2015 anayamba kutsegula makoleji aumisiri m'madera. Izi ndiziyamika. Koma denga lija silinachotsedwe lonse. Mayunivesite aboma asankha ana poyang'ana mapointi a mayeso a MSCE, ndipo khomo lolowera akuluakulu odziwa kale ntchito ndi lopapatiza. Taganizani za mnyamata wokonza injini za maboti pagombe lathu lino. Amva ndi khutu lokha pamene injini yadwala, ndipo asodzi a usipa amudalira usiku uliwonse. Atafuna kuphunzira uinjiniya, adzamfunsa za mayeso amene analemba ali mwana, osati za zaka zimene manja ake akhala m'mafuta. Komatu minda ya mphira ku Vizara ndi ya tiyi ku Kawalazi ifuna anthu otere, odziwa makina ndi masamu ake omwe.

Ifenso a mumpingo tili ndi mlandu. Tiwerenga kuti Paulo anaphunzira kwa Gamaliyeli, nasokanso mahema, koma pa Sabata tipempherera ndi kusonkhera mwana wopita ku yunivesite yekha, ndipo wopita kukaphunzira zamagetsi anyamuka mwakachetechete ngati wothawa ngongole. Ndipempha akulu a mpingo kuti awaimiritse onse awiri pamaso pa anthu. Ndipemphanso atsogoleri a yunivesite ya Livingstonia ndi ya Mzuzu kuti alikulitse khomo lija, nawerengere mmisiri satifiketi yake ndi zaka za ntchito yake pamene abwera kudzapempha malo.