Filimu Timaionera ndi Makutu

Mu Okutobala 2012 kampani ya Disney inagula Lucasfilm, eni ake a Star Wars, pa mtengo wopitirira pang'ono madola 4 biliyoni. Okonda mafilimuwa anagawikana tsiku lomwelo. Ena anakondwa kuti kubwera magawo atsopano, ena anati George Lucas wagulitsa mwana wake kwa amalonda. Mkangano unakula mu 2014 zitalengezedwa kuti mabuku ambirimbiri amene anthu anakula akuwerenga sakuwerengedwanso kukhala mbali ya nkhaniyo, ndipo The Last Jedi itatuluka mu 2017 anthu anafika potukwanizana poyera. Kuno ku Blantyre zimenezi zinatidutsa patali. M'mavidiyo sho a ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe mwini filimu ankakhala Van Damme, Rambo kapena Jet Li, ndipo panalibe wofunsa kuti kampani yake ndi iti.

Ife zinatigwera mu 2019. Nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina amphepo ndi zitsulo zotola komanso njinga ya bambo ake, tinkaiyesa yathu chitulukireni buku lake mu 2009. Chiwetel Ejiofor anabwera kudzaijambula ku Kasungu komweko, Netflix inagula ufulu woionetsa, ndipo pa 1 Malichi 2019 The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka. Ambiri mumzinda muno anaionera pa flash yoikitsa ku Limbe kapena mumsika wa Blantyre. Zokamba m'maminibasi zinali ziwiri: kunyadira kuti Malawi waoneka kunja, ndi kudandaula kuti Chichewa chake sichikumveka. Trywell, bambo ake a William, anali Ejiofor mwini wake, wobadwira ku London. William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi anali Aïssa Maïga wokulira ku France. Amalawi monga Lily Banda analimo, ndipo iye akangoyankhula khutu linkapuma. Koma m'malo ambiri tinkachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa pansi kuti timve chinenero chathu chomwe.

Dandaulo limeneli linali loona, koma linathera panjira, ndipo n'zimene zimandikwiyitsa mpaka lero. Tinalisandutsa mlandu wa umwini: atibera nkhani, bwanji sanalembe Amalawi okhaokha, ndalama zapita kuti. Oiteteza anayankha ndi chithunzi: taonani fumbi, taonani Gule Wamkulu, taonani minda youma mmene kamera yaigwirira. Palibe anafunsa kuti chinasoweka n'chiyani kwenikweni. Katchulidwe kolakwika n'kakang'ono, ndipo khama la Ejiofor pophunzira chinenero chachilendo ndimalilemekeza. Chinasoweka ndi kayendedwe ka mawu. Chichewa chimakwera ndi kutsika, chimakoka chiganizo chikamatha, ndipo tanthauzo lalikulu limakhala pamene munthu waima. Tengani pamene William akupempha njinga kwa bambo ake kuti aidule, njala ili pakhomo. Mwana wa kumudzi sapempha chinthu chotere molunjika. Amayambira patali, amatsitsa mawu, amasiya chiganizo chisanathe kuti bambo amalize okha. Bamboyo asanakalipe amakhala chete kanthawi kamene aliyense wa ife amadziwa kutalika kwake, chifukwa tonse tinakaimirirapo pamaso pa kholo. Wosewera amene waloweza mawu osawamva m'kati amathamangira kumapeto kwa mzere kuti asaiwale. Mkwiyo umaoneka pankhope, koma m'khutu osafika.

Opanga Star Wars yoyamba ya 1977 ankazidziwa zimenezi. Amene anavala chovala chakuda cha Darth Vader anali David Prowse, koma liwu lake analichotsa, n'kuitana James Earl Jones kudzayankhula mu situdiyo. Kupuma kolemera kuja anakupanga Ben Burtt ndi chipangizo chopumira anthu osambira pansi pa madzi. Nkhope ya Vader ndi chigoba chosasuntha. Chotsani liwu ndi kupumako, mutsala ndi munthu wamtali wovala chipewa. Disney yomwe inazindikira. Jones atakalamba, mawu a Vader mu Obi-Wan Kenobi ya 2022 anapangidwa pa kompyuta ndi kampani ya ku Ukraine yotchedwa Respeecher, kuchokera ku mawu ake akale, iye atavomereza. Ndalama zolembera wosewera wina aliyense Disney inali nazo, koma inaona kuti okonda filimu angakhululuke zambiri kupatula liwu lachilendo.

N'chifukwa chake ndimati akatswiri enieni a mawu a m'filimu mumzinda muno ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, omwe aja anthu ophunzira amawanyoza. Kumasulira kwenikweniko ndi gawo laling'ono la ntchito yawo. Chitchaina kapena Chihindi sachidziwa, ndipo nthawi zina Chingerezi chomwe amangochiyerekeza poona nkhope. Luso lawo ndi la nthawi. Mnyamata mmodzi, maikolofoni imodzi, anthu a m'filimu khumi kapena kuposa. Amatsitsa phokoso la filimu akamayankhula n'kulibwezera chibakera chikamagwa, podziwa kuti chibakera chimadziyankhulira chokha. Amalowa wosewera asanatseke pakamwa, kuti omvera asaone mpata pakati pa milomo ndi Chichewa. Liwu la mkulu wa zigawenga amalitsitsa n'kulichedwetsa, la mtsikana amalikweza pang'ono chabe, ndipo womasulira wabwino salisandutsa choseketsa. Chimene ndimachikonda koposa ndi ichi: iye yekha ndiye amasankha woyenera "iwe" ndi woyenera "inu". Chingerezi sichimuuza. Akalakwitsa, ubale wonse wa anthu awiriwo umagwa. Akalondola, wophunzira karati amanena "inu" kwa mphunzitsi wake filimu yonse mpaka tsiku lomuukira, ndipo "iwe" woyambayo akatuluka, anyamata amaimirira pamabenchi nkhonya isanaponyedwe ngakhale imodzi. Eni filimuyo ku Hong Kong sanalembe mphindi imeneyo. Inabadwira mu Blantyre, m'kachipinda kokhala ndi kompyuta yakale.

Woposa onse amadziwa kukhala chete. Alipo omasulira amene amalongolola osapuma, kufotokoza ngakhale zimene maso akuona kale, ndipo amatopetsa. Koma ndinamvapo wina amene, mwini filimu atapeza m'bale wake ataphedwa, anasiya nyimbo ilire yokha kwa nthawi ndithu, kenako n'kunena mawu awiri okha motsitsa. Ana amene amasokosera mu vidiyo sho kuyambira poyamba mpaka pomaliza anangoti zii. Zimenezo ndiye ndimazitcha luso, ndipo sindinazionepo kawirikawiri m'mafilimu odula. Sindikuteteza kuba. Mafilimuwa amatengedwa popanda chilolezo, bungwe la COSOMA lili ndi chifukwa chodandaulira, ndipo ena amathiramo zotukwana ndi nthabwala zonyoza amayi pamaso pa ana. Zonsezo n'zoona, koma sizifufuta khutu limene anyamatawa ali nalo.

Khutulo lili ndi kumene linachokera. Mbadwo wonse unakula ukumvera Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC, kumene wosewera analibe nkhope yoti imuthandize. Kenako kunabwera John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a Kwathu Drama Group, amene ankadzaza French Cultural Centre. Bwererani ku masewero awo mutatseka maso. Mukalemba papepala zimene ankanena, zambiri sizingaseketse munthu. Nthabwala inkakhala m'kamphindi kamene wina ankadikira asanayankhe, m'kudula mnzake pakati pa liwu, mu "eti" woikidwa pamalo ake. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021, ndipo ndimamva chisoni kuti sukulu imeneyi opanga mafilimu athu ambiri sanailowe.

Taonani mafilimu athu atsopano. Droni imauluka pamwamba pa Chichiri ndi phiri la Soche, mitundu imawala, ndipo ndemanga zathu zimathera pomwepo: chithunzi chili bwino, chikuyenera Netflix. Za droni ndilibe nazo mawu, aliyense wandalama akhoza kugula. Koma anthu akangotsegula pakamwa mumamva kuti nkhaniyo inalembedwa m'Chingerezi n'kutembenuzidwa m'mawa wa tsiku lojambula. Mayi wa ku Chilobwe akukangana ndi mwamuna wake m'ziganizo zathunthu, zosalala, zimene palibe ananenapo pakhomo lililonse. Aliyense amadikira mnzake amalize. Palibe wodula, palibe wobwereza, palibe "iii", palibe "kodi", palibe mwana wogwada poyankhula ndi wamkulu m'mawu ake ngakhale mawondo atagwada. Maikolofoni ili pa kamera, kutali ndi pakamwa, ikutola mphepo ndi kondakitala woitanira ku Limbe, ndiye pomaliza amathirapo nyimbo pamwamba ngati mchere pa ndiwo zosapsa. Awa ndi Amalawi enieni, katchulidwe kawo n'kolondola, koma vuto ndi lomwe lija tinadandaula nalo mu 2019, ndipo iwo alibe chodzikhululukira nacho. Ndimadabwa kuti omwe tinakwiyira mlendo chifukwa cha Chichewa chouma timawombera m'manja chouma chathu chomwe.

Kuthekera kulipo. Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe, Shemu Joyah anachitanso chimodzimodzi mu 2018 ndi The Road to Sunrise, nkhani ya mu Blantyre momwe muno. Mu Fatsani ya Gift Sukali, malo amene amandigwira mtima ndi a mumsewu ndi pamsika, pamene anthu amayankhula mothamanga ndi mopikisana monga amachitira ogulitsa malonda, osadikira kamera. Pamenepo ndimaiwala kuti ndikuonera osewera.

Makampani akuluakulu apitiriza kugula. Amazon inagula MGM mu 2022, ndipo tsiku lina wina adzabwera ndi cheke kudzafuna nkhani ya John Chilembwe kapena ya njala ya 1949. Sitidzamuletsa ndi mkwiyo wa pa Facebook. Chimene tingachite chili m'manja mwa wopanga filimu wa ku Chilomoni amene ndalama zake n'zochepa. Alembe m'Chichewa kuyambira tsamba loyamba. Akhale ndi osewera ake masiku angapo akuwerenga mokweza, iye atawafulatira kuti nkhope zisamunyenge. Ndalama ya droni agulire maikolofoni yabwino ndi kulipira woigwira. Ndipo tsiku lojambula aitane mmodzi wa anyamata omasulira aja, amuveke mahedifoni, am'patse mphamvu yoimitsa kamera akangomva chiganizo chimene munthu wa mu Blantyre sanganene.