Buku la Ana Liyenera Kumveka m'Mawondo

Ndatopa ndi kumva anthu akuyamikira buku la zithunzi la ana ndi mawu awiri okha, akuti "lili ndi phunziro" ndiponso "mitundu yake ndi yowala." Aphunzitsi amatero, makolo amatero, nawonso ogulira masukulu mabuku amatero. Koma funso limene kwa ine ndi lalikulu silifunsidwa: mwana akatsegula bukulo, thupi lake limatani? Limangoti khwithi ngati thumba la ufa, kapena phazi limayamba kunyanyuka lokha?

Chinandiputa ndi chimene ndinaona ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, tsidya lina la Nkhata Bay. Pa sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja panafika katoni ya mabuku amphatso ochokera kunja. Limodzi linali lophunzitsa ana yoga m'nyengo imene kwawoko chisanu chimatha, maluwa n'kuphuka. Pachikuto panali ana ovala masokosi, atakhala pa timphasa ta labala, akumwetulira onse mofanana. Mphunzitsi analimasulira m'Chiswahili mwakhama, ana n'kumamvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo. Belu litalira, ana omwewo anathamangira kumchenga, ena n'kuima chadodolido, ena n'kumadumphira m'madzi kuchokera pamatanthwe. Buku lonena za kusuntha thupi linalephera kusuntha ana amene thupi lawo silidziwa kukhala pansi.

Vuto silinali la yoga. Masewero olimbitsa thupi ndi kupuma mwadongosolo amenewa, ochokera ku India, ndi akale ndipo ndi anzeru, mpaka bungwe la United Nations linawapatsa tsiku lawolawo, 21 Juni, kuyambira mu 2015. Makaimidwe ake ambiri anatchulidwa mayina a zamoyo: nsomba, kamba, ng'ona, dzombe, njoka, mtengo. Zonsezi mwana wa ku Liuli kapena ku Lituhi amazidziwa ndi maso ake. Amene anatchula mayinawo anakhala pansi n'kupenyetsetsa nyama. Wojambula buku lija sanapenyetsetse kanthu. Anajambula mwana atamaliza kale kuima, ali gwa ngati chithunzi cha pachitupa, ndipo chithunzi chotere sichiitana munthu kuti achiteko kanthu.

Luso lenileni lagona pa kusankha kamphindi koyenera kujambula. Wojambula wodziwa ntchito yake amagwira nthawi imene chinthu chatsala pang'ono kuchitika. Taganizani za kakowa m'madzi osaya. Mmisiri waulesi amamujambula ataima ndi mwendo umodzi, basi. Mmisiri weniweni amajambula mwendo wachiwiriwo uli m'mwamba, zala zitalendewera, dontho la madzi likadali pachikhadabo, khosi litapindika, thupi lonse litapendekekera kumene kuli kansomba. Mwana akaona zimenezi amamva kulemera kwa mbalameyo m'ntchafu mwake, ndipo asanauzidwe ndi munthu wadzuka kale, akuyesa. Chimodzimodzinso wopalasa bwato: musamujambule nkhafi ili kale m'madzi, mujambuleni phewa litapotoka, nkhafi ili m'malere, msana utakungika ngati uta. Nkhwazi ikamalira imaponya mutu wake kumbuyo. Gwirani pamene khosi layamba kubwerera, osati pamene yangokhala phee pamtengo ngati ya pandalama.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimayang'ana pa chithunzi chotere. Choyamba, kulemera kwa thupi kwatsamira pati? Ngati sinditha kuloza phazi limene lasenza thupi, ndiye kuti wojambulayo sanaimepo yekha motero. Chachiwiri, kodi kutsogolo kwa chojambulidwacho kwasiyidwa danga? Ojambula athu ambiri amaopa pepala loyera, amadzaza ngodya iliyonse ndi maluwa, dzuwa ndi agulugufe. Koma danga limenelo ndilo bwalo. Kakowa wopanda poponda sangayende, ndipo diso la mwana nalo limaima.

Kenaka pamabwera chida chimene buku lokha lili nacho, chomwe wailesi yakanema ilibe: kutembenuza tsamba. Buku la zithunzi kawirikawiri limakhala ndi masamba 32, ndipo kutembenuza kulikonse ndi mpata wa mwana. Tsamba lakumanja lisiye mwendo uli m'mwamba, lotsatira liuponde pansi. Izi si zachilendo kwa ife. Agogo akamasimba nthano amasiya kampata kuti ana avomere "tilitonse," ndipo popanda kuvomerako nthano imafa. Amuna ovina mganda m'midzi ya boma la Nyasa, ovala zoyera ngati anzawo a malipenga ku Nkhata Bay, amadziwa kuti kukoma kwa gule kuli pa kamphindi kamene mzere wonse waimika phazi kudikira ng'oma. Amayi a chioda nawo amadziwa pogwira chiuno ndi pochimasula. Wopanga buku la ana amene sanaimepo pabwalo la mganda n'kuphunzira kaduliridwe ka nthawi kameneka akudzimana sukulu yaulere.

Eric Carle wa ku America anazimvetsa izi m'buku lake la From Head to Toe la mu 1997. Nyama imasuntha chiwalo chimodzi, mwana n'kutsanzira, mawu ali ochepa kwambiri, kumbuyo kuli pepala loyera. Ndimalikonda bukuli, komabe mwa nyama zake muli zina za kumadzi oundana zimene mwana wa kunyanja kuno sadzaziona. Catherine Stock, amene anajambula buku la Galimoto la Karen Lynn Williams mu 1990, nkhani yochitikira ku Malawi, anasonyeza kuti mnyamata wofunafuna mawaya angathe kunyamula buku lonse ndi kayendedwe kake. Mwana akalitseka amafuna waya, ndipo umenewo ndiwo umboni.

Chigawo cha Ruvuma chomwechi chinabala Edward Saidi Tingatinga, wa ku Tunduru, amene anayamba kujambula ku Dar es Salaam cha m'ma 1968 ndi utoto wa njinga pa timatabwa, n'kumwalira mu 1972. Mbalame zake zamakosi aatali zili ndi mzere umodzi woyenda kuchokera kumlomo mpaka kuchala, mzere umene mwana angautsate ndi mkono wake. John Kilaka anatengera kajambulidwe kameneka m'mabuku a ana, ndipo buku lake la True Friends linalandira mphoto ku chionetsero cha mabuku a ana cha ku Bologna mu 2005. Chondikwiyitsa n'chakuti otsanzira ambiri anatola madontho ndi zokometsera, mzere wamoyo uja n'kuutaya, n'kumatipatsa nyama zouma zogulitsa kwa alendo. Za tiana tosalala ta pakompyuta, tamitu ikuluikulu ndi maso ngati mbale, sindinenapo zambiri: tilibe mafupa. Timabuku ta mabungwe tolamula kusamba m'manja ndi zikwangwani zosokedwa pakati.

Nkhani ya nyengo nayo njofunika. Tsiku la yoga lija, 21 Juni, kuno limagwa m'chisanu, mwera ukuwinduka, asodzi akukokera mabwato kumtunda. Nyengo yathu ya mphukira imafika mu Seputembala ndi Okutobala, kukutentha, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Mitengo ya miombo pa mapiri okwera kupita ku Mbinga imatulutsa masamba ofiira, mango amayamba kumanga, nyanja imagona, usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika pamadzi ngati mudzi wina. Nthawi zina nkhungu zimatumphuka pakati pa nyanja ngati utsi. Mtengo wophuka m'chilimwe, usanalandire kanthu, ndi phunziro la thanzi ndi kupirira loposa lililonse limene lingalembedwe kumapeto kwa buku, ndipo mwana angalichite ndi thupi: kunyonyomala, kudzuka pang'onopang'ono, kutambasula zala, kupuma mozama. Mwana wodziwa kumira pansi pa madzi safunika kuuzidwa kuti mpweya ndi chiyani. Amangofunika buku lomulemekeza.

Mawu a buku lotere tili nawo kale. Bungwe la Children's Book Project lakhala likulimbikitsa mabuku a ana a Chiswahili ku Tanzania kuyambira mu 1991, ndipo African Storybook imalola aliyense kumasulira nkhani zake m'chinenero cha kwawo pa intaneti. Koma kumasulira kokha sikukwanira. Chinyanja chathu, chomwe ndi chibale cha Chinyasa cholankhulidwa m'midzi ya kugombeko, chili ndi mawu amene ali kale kaimidwe ka thupi: njo, tsonga, zyoli, tambalale, chubwi. Liwu limodzi lotere pa tsamba limagwira ntchito imene chiganizo cha malangizo sichingaithe. Mukauza mwana kuti "imirira mowongoka, ukweze manja" amayang'ana kumbali. Mukangoti "njo!" waima kale.

Choncho kwa aliyense amene wapatsidwa udindo wosankha kapena kuweruza mabuku a ana, pempho langa ndi ili. Musaliweruzire patebulo mu ofesi. Litengereni pansi pa mtengo wa mango ku Mbamba Bay, muitane ana khumi, muyambe kuwerenga. Mukafika pakati, kwezani maso muone pansi. Ngati mapazi onse makumi awiri akadali pamchenga, libwezereni m'katoni.