Kansupa ka m'khutu ndi mikanda ya ku Edingeni

Ku England, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amisiri ankasula mphete zasiliva ndi zagolide zokhala ndi kachivundikiro. Ukatsegula, unkapezamo kachithunzi kapena tsitsi la wokondedwa amene anatsikira kulichete. Mwambo wovala zokumbukira malemu unakula Albert, mwamuna wa mfumukaziyo, atamwalira mu 1861.

Luso la chovala chosunga kanthu m'kati silachilendo kwa Angoni. Makolo amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 ankaboola makutu, ndipo pabowopo mwamuna ankatha kulowetsa kansupa ka fodya wa m'mphuno. Kankagobedwa bwino, kachitseko kake kothina kuti fodya asatayike poyenda. Kupatsana fodyayo kunali ulemu.

Tinsupa totere tasowa, koma mikanda ilipo. Ku Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndi ku phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho, onani mikanda ya amayi oimbira gule wa ingoma. Mkanda uliwonse walowa pa ulusi ndi zala, mitundu itasanjidwa mwadala. Ndi ntchito yotopetsa maso, ndipo ine ndimaipatsa ulemu wofanana ndi wa wosula siliva.

Mukagula mikanda kwa gogo, musanenerere mtengo. Atsikana, khalani pambali pawo muphunzire.