Mawu a Maonekedwe a Zinthu m'Masamu: Ndemanga Yochokera ku Mutorashanga

Chichewa chinafika ku Mutorashanga, pa mtandadza wa mapiri wa Great Dyke m'chigawo cha Mashonaland West, ndi anthu ochokera ku Nyasaland odzagwira ntchito m'migodi ya chrome ndi m'mafamu a fodya. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anachiika pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Funso lathu ndi ili: mphunzitsi wa kumeneko akafuna kufotokoza maonekedwe a zinthu m'Chichewa, adzatola mawu otani ku Malawi?

Mabuku a masamu a Sitandade 1 mpaka 4, amene ankagwiritsidwa ntchito lamulo la maphunziro la 2013 lisanaike Chingerezi kuyambira Sitandade 1, anatsata njira yobwereka: thirayango, rekitango, sikweya, seko. Mu 2008 Mercy Kazima anayerekeza njira imeneyi ndi ya ku Tanzania. Ife tikuona kuti dzina la Chiswahili lakuti pembetatu limaphunzitsa lokha, pakuti limawerenga ngodya, pamene thirayango salozera kanthu m'chiyankhulo cha mwana. Kwa mwana wa ku Mutorashanga, amene amamva kale dzina la Chingerezi m'kalasi, mawu obwerekawa angosintha kalembedwe chabe.

Komabe sitinganene kuti mawu athu alibe msampha. Ngodya ndi malo, monga ngodya ya nyumba, koma chimene amasamu amayeza m'madigiri ndi kukula kwa mpata pakati pa mizere iwiri yokumana. Mwana wozolowera tanthauzo loyamba sadzaona ngodya pa chitseko chotsekuka pang'ono. Mzere wa chimanga ungathe kukhota, koma mzere wolumikiza nsonga za thirayango uyenera kuwongoka. Chozungulira chimakwanira lichero, dzira ndi mpira, pamene seko amafuna mtunda wofanana kuchokera pakati. Mmisiri wolemba maziko a nyumba yozungulira ndi chikhomo ndi chingwe amalidziwa lamulo limeneli, ngakhale salitchula dzina.

Choncho tikupempha a Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kuti pamodzi ndi aphunzitsi a ku Zimbabwe apange mayina odzifotokoza okha, monga changodyazitatu, ndipo dzina lililonse lipatsidwe malire a tanthauzo lake. Popanda malire amenewa, mwana adzaloweza dzina, lathu kapena lobwereka, osamvetsa chinthucho.